Udokotala pa ntchito yochiza ndi mafizo: njira iti ingamupindulire munthu wa ku Salima kapena Nkhotakota?

Pa kiliniki ya shuga ndi BP, wodwala akalandira mankhwala ake amauzidwanso kuti azichita mafizo. Koma mafizo ake ati? Kwa mphindi zingati, mwamphamvu bwanji, ndipo asiye akamva chiyani m'thupi? Mayi wa zaka 58 amene akumwa mankhwala a shuga otchedwa glibenclamide, bambo amene anadwala sitiroko miyezi itatu yapitayo, ndi msodzi wa ku Senga Bay amene anamaliza mankhwala a TB koma amabanikabe akamapalasa bwato, sangapatsidwe yankho limodzi. Ntchito yoyeza mphamvu za mtima, mapapo ndi minofu ya wodwala, kenako n'kumupatsa mulingo wa mafizo woyenera matenda ake, ndi imene m'mayiko ena imatchedwa clinical exercise physiology.

Nkhaniyi talembera amene akulingalira zofika pa digiri ya udokotala (doctorate) pa ntchito imeneyi, kaya ndi wa fiziyo, namwino, clinical officer, kapena womaliza digiri ya zamasewera. Njira zilipo zingapo, ndipo zimasiyana pa ndalama, pa zaka, komanso pa chimene munthu amaloledwa kuchita akabwerera kwawo. Maganizo athu tinene poyambirira pomwe: pezani kaye chilolezo chogwira wodwala m'Malawi muno, udokotala ubwere pambuyo, ndipo kafukufuku wake achitikire pa odwala a konkuno.

Madigiri atatu amene amasokoneza anthu

PhD ndi digiri ya kafukufuku. Mumasankha funso limodzi, mumalifufuza kwa zaka zitatu mpaka zisanu kapena kupitirira, mumalemba buku la zimene mwapeza, ndipo akatswiri amaliwunika n'kukufunsani mafunso. Imatsegula khomo la uphunzitsi pa yunivesite ndi la kutsogolera kafukufuku. Koma siipereka chilolezo chochiza munthu, ngakhale itachokera ku yunivesite yotchuka chotani.

DCEP, kapena kuti Doctor of Clinical Exercise Physiology, ndi udokotala wa ntchito ya m'chipatala. Yunivesite ya Illinois ku Chicago imaupereka, ndipo nthawi yambiri wophunzira amathera pa odwala mtima, mapapo ndi shuga, osati pa kulemba buku la kafukufuku. DPT, imene ndi Doctor of Physical Therapy, ndi digiri ya zaka zitatu yolowera ntchito ya fiziyo ku America. Ngati muli kale ndi digiri ya fiziyo ya kuno, DPT ikubwezerani pa zambiri zimene munaphunzira kale, pa mtengo wa madola.

Palibe imodzi mwa zitatuzi imene ili MBBS, digiri ya dokotala wolemba mankhwala. Anthu adzakuitanani kuti adokotala, koma mankhwala simulemba, ndipo wodwala amene mankhwala ake akufunika kusinthidwa mumamubwezera kwa amene anamutumiza.

Maziko: digiri yoyamba ndiyo imakupatsani odwala

M'zipatala za boma, ntchito ya mafizo a odwala ili m'manja mwa a fiziyo ndi ma rehabilitation technician, amene ambiri anaphunzira ku Kachere ku Blantyre. Digiri ya fiziyo imaperekedwa ku Kamuzu University of Health Sciences, kapena kuti KUHeS, imene inayamba kugwira ntchito mu 2021 pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana. Womaliza digiriyi amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Kalata ya kaundulayo ndi imene imamulola kulowa muwodi, kuwerenga fayilo ya wodwala, ndi kulandira odwala otumizidwa ndi madokotala. Kwa mwana wasukulu amene akudikira zotsatira za MSCE ku Salima kapena ku Dwangwa ndipo mtima wake uli pa ntchitoyi, njira yolunjika ndi imeneyi.

Digiri ya sports science, monga imene ikuphunzitsidwa ku MUST ku Thyolo, imamudziwitsa munthu bwino za momwe thupi limagwirira ntchito likamathamanga ndi kunyamula zolemera. M'mayiko ngati Australia ndi America, ambiri ogwira ntchito ya clinical exercise physiology amayambira pamenepo. Kuno vuto lake ndi kaundula. Musanawononge zaka ndi ndalama pa masitazi ndi PhD, lemberani kalata a Medical Council, tchulani dzina la digiri ndi yunivesite, ndipo funsani kuti mudzalembetsedwa pa dzina la ntchito iti. Yankho likhale lolembedwa. Safunsa anadya phula, ndipo phula la pamenepa ndi kubwerera ndi digiri yapamwamba koma osaloledwa kugwira wodwala nokha.

Namwino ndi clinical officer ali ndi mwayi umene ambiri sauona. Amadziwa kale mankhwala, amadziwa kuwerenga BP ndi shuga, ndipo ali kale m'kaundula. Chimene akusowa ndi digiri yoyamba ngati ali ndi dipuloma yokha, kenako masitazi yokhudza mafizo kapena matenda osapatsirana. Mayunivesite ambiri salandira munthu pa PhD popanda masitazi yokhala ndi gawo la kafukufuku.

Kuchita PhD konkuno, kapena mbali ina kuno mbali ina kunja

Njira iyi ndi imene timaiona yoyenera kwa munthu amene akufuna kudzagwirabe ntchito m'mbali mwa nyanja. Mumalembetsa PhD ya kafukufuku ku KUHeS, odwala anu amakhala a pachipatala cha boma ku Salima, ku Nkhotakota kapena a pachipatala cha mishoni cha St Anne's, banja lili pafupi, ndipo zimene mwapeza zimayamba kuthandiza pomwepo. Chovuta chachikulu ndi kupeza woyang'anira. Akatswiri a nthambi imeneyi ndi ochepa m'dziko muno, choncho nzeru ndi kukhala ndi awiri: wa kuno wodziwa matendawo ndi kayendetsedwe ka zipatala zathu, ndi wa kunja wodziwa kuyeza mphamvu za thupi. Thandizo la Commonwealth Split-site linakonzedwera zimenezi. Munthu wolembetsa PhD m'dziko lake amapita ku Britain kwa miyezi yosapitirira 12, n'kukaphunzira makina ndi kusanthula zotsatira, kenako n'kubwerera. Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre ndi MEIRU ku Lilongwe ndi ku Karonga ndi mabungwe a kafukufuku oyenera kuwatsatira akamalengeza malo a ophunzira, chifukwa akhala akufufuza za mapapo, BP ndi shuga.

Ena amaopa kuti popanda makina akuluakulu PhD yawo idzakhala yopepuka. Mayeso athunthu a mtima ndi mapapo, otchedwa CPET, amafuna njinga kapena makina oyendapo, ECG (makina ojambula kagundidwe ka mtima) ya mawaya 12, makina oyeza mpweya wopuma, mabotolo a gasi wokonzera makinawo, defibrillator (makina otsitsimutsa mtima), dokotala woyang'anira, ndi magetsi osazima pakati pa mayeso. Gasi akatha, makina amangokhala mpaka wina abwere kuchokera kunja. Koma pali mayeso ena ovomerezeka padziko lonse amene chipatala cha m'boma chingakwanitse. Kuyenda kwa mphindi 6 kumafuna khonde lathyathyathya la mamita 30, zizindikiro ziwiri zokhotera, wotchi, mpando, pulse oximeter (kachipangizo ka pachala koyeza mpweya wa m'magazi) ndi makina a BP. Wodwala amayenda kawiri, kupuma pakati, chifukwa ulendo wachiwiri amafika patali pongozolowera, ndipo mukangoyeza kamodzi mudzaganiza kuti mafizo anu athandiza pomwe ndi kuzolowera chabe. Kwa odwala mapapo, kusintha kwa mamita pafupifupi 30 ndiko kumatengedwa kuti n'kwenikweni. Kuwerenga kuti munthu waimirira kangati pampando pa masekondi 30, ndi kuyeza mphamvu ya dzanja ndi dynamometer, kumawonjezera chithunzi cha minofu.

Mafunso ofunika kufufuza ali pomwepa. Bungwe la WHO mu 2020 linanena kuti wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za mafizo apakatikati, ndi olimbitsa minofu masiku awiri. Mayi wa ku Nkhotakota amene amalima mpunga, amasinja chinangwa cha kondowole ndi kutunga madzi pamjigo angapyole mphindi zimenezo Lachitatu lisanafike, komabe BP yake ili pamwamba. Kumuuza kuti aziyenda kwambiri n'kusamumvetsa. Wa kabaza ku Kamuzu Road amene wapezeka ndi shuga amapalasa tsiku lonse, ndipo ngozi yake ndi kutsika kwa shuga ali pamsewu ndi kasitomala kumbuyo. Mabuku ambiri a ntchitoyi analembedwera anthu okhala muofesi oyenda pagalimoto. Amene angafufuze mulingo woyenera alimi, asodzi ndi odula nzimbe adzakhala atawonjezera chinthu chenicheni pa nzeru za nthambiyi.

Zimene zimachedwetsa PhD ya kuno n'zodziwika. Simungayeze munthu ngakhale mmodzi musanalandire chilolezo cha COMREC kapena NHSRC, makomiti oona kuti kafukufuku akuteteza anthu oyesedwa, pamodzi ndi kalata ya ofesi ya zaumoyo ya m'bomalo, ndipo makomitiwa amabweza mapepala kuti akonzedwe, choncho ikani miyezi ingapo pa ndondomeko yanu. Fomu yopempha chilolezo cha wodwala ikhale m'Chichewa chomveka, ndipo m'madera ena a ku Salima mudzafunanso womasulira Chiyao, kumpoto kwa Nkhotakota Chitonga. Nyengo ya dzinja odwala amakhala kumunda, ndipo mitsinje ikasefukira msewu wa M5 umavuta, motero pulogalamu ya masabata 12 yoyamba mu Disembala imataya anthu ambiri. Ngati mukufuna anthu 60 omaliza ndipo mukuyembekeza kuti mmodzi mwa asanu adzasiya, yambani ndi 75, ndipo ikani ndalama ya thiransipoti yawo mu bajeti. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 30, mtima umagunda msanga ndipo anthu amatopa mofulumira. Yezani m'mawa, nthawi yofanana ulendo uliwonse, apo ayi mudzakhala mukuyeza dzuwa. M'maboma awiriwa muli Asilamu ambiri, ndipo mwezi wa Ramadan umasintha nthawi ya chakudya, madzi ndi mankhwala. Wodwala shuga amene akusala asayesedwe ngati kuti ndi tsiku wamba.

Ndipo pali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Wa fiziyo amene ali yekha kapena awiri pachipatala chonse sangalembe PhD madzulo atatopa. Pemphani tchuthi cha maphunziro, werengani bondi musanasayine, ndipo dziwani zaka zimene mudzayenera kugwira mukamaliza.

South Africa

Kumeneko ntchitoyi imatchedwa biokinetics, ndipo ili m'kaundula wa Health Professions Council of South Africa pamodzi ndi fiziyo. Munthu amaphunzira zaka zinayi kuphatikizapo nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo ena amawonjezera chaka cha internship. Mayunivesite a Cape Town, Stellenbosch, Pretoria, North-West ndi KwaZulu-Natal ali ndi madipatimenti olimba a nthambiyi, okhala ndi makina onse tatchula aja. Ubwino wake kwa Mmalawi ndi woti matenda amafanana ndi athu, HIV, TB, BP ndi shuga, ulendo ndi wa basi kapena ndege ya maola ochepa, ndipo chifukwa cha pangano la SADC la zamaphunziro, m'mayunivesite ambiri fizi imakhala yofanana ndi ya eni dziko, kuwonjezerapo ndalama ya ophunzira ochokera kunja.

Musasokoneze zinthu ziwiri. Kulandiridwa pa masitazi kapena PhD ya kafukufuku n'kosiyana ndi kulembetsedwa ngati biokineticist. Malo a maphunziro a biokinetics ndi ochepa, ndipo kulembetsa kwa mlendo ku bungwe lija kuli ndi malamulo akeake. Mungathe kumaliza PhD ku Cape Town osagwirapo wodwala panokha. Kwa wa fiziyo amene ali kale m'kaundula kuno, limeneli si vuto: akukafuna luso ndi kafukufuku, chilolezo ali nacho kwawo. Mapepala anu a sukulu ayenera kuwunikidwa ndi SAQA, bungwe la komweko lotsimikizira mapepala a maphunziro, ndipo viza ya wophunzira imafuna inshuwalansi ya zaumoyo ya komweko, choncho yambani miyezi yambiri sukulu isanatsegulidwe. Ena mwa oyang'anira amalola kuti odwala a kafukufuku akhale a kwanu, inu n'kumapita kumeneko nthawi ndi nthawi. Funsani zimenezi m'kalata yoyamba.

Britain ndi Australia

Ku Britain masitazi imatenga chaka chimodzi, PhD zaka zitatu kapena zinayi. Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imalipira masitazi yokha, imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo mumalonjeza kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Commonwealth ili ndi thandizo la PhD yathunthu. Popanda thandizo lotere musayese n'komwe, chifukwa fizi ya mlendo ndi lendi sizingachokere pa malipiro a makwacha.

Australia ndi kumene ntchitoyi inakhazikika kwambiri. Bungwe la ESSA limavomereza munthu ngati Accredited Exercise Physiologist akaphunzira zaka zosachepera zinayi ndi kugwira maola 500 moyang'aniridwa, ndipo kuyambira 2006 inshuwalansi ya boma ya Medicare imalipirako ntchito yawo. Onani kuti kumeneko udokotala safunsa n'komwe. Chimene amawerenga ndi maola amene mwathera pa odwala. Luso mungaliphunzire bwino kwambiri, koma ndi kutali, n'kodula, ndipo dongosolo limene limawalipira kumeneko silidzabwera nanu m'chikwama.

America

Chiphaso chodziwika ndi ACSM-CEP cha American College of Sports Medicine. Kuti mulembe mayeso ake mumafunika masitazi ya nthambiyi ndi maola 600 a ntchito pa odwala, kapena digiri yoyamba ndi maola 1,200, komanso chiphaso cha kutsitsimutsa munthu amene mtima waima. Nakonso udokotala si khomo lolowera. Chiphasochi ndi cha bungwe la akatswiri, osati chilolezo cha boma, ndipo Louisiana ndi chigawo chokhacho chimene chimapereka laisensi ya ntchitoyi.

PhD ya ku America imatenga zaka zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka ziwiri zoyambirira zimakhala za makalasi. Ubwino wake ndi woti madipatimenti ambiri amakhululukira fizi ndi kupereka kangachepe mwezi uliwonse kwa wophunzira amene akuthandiza kuphunzitsa kapena kufufuza. Kuipa kwake ndi koti mumafufuza zimene mwini labotale ali ndi ndalama zake, mwina minofu ya mbewa za m'labotale, zomwe sizidzakuthandizani pa wodwala sitiroko wa ku Khombedza ku Salima. DCEP imakuphunzitsani ntchito yeniyeni, koma madigiri a mtundu umenewu kawirikawiri wophunzira amalipira yekha, ndipo luso lake limadalira makina ndi gulu la akatswiri a mtima amene chipatala cha m'boma chilibe. Ingamuyenere munthu amene chipatala chachikulu ngati Kamuzu Central kapena Queen Elizabeth chamutuma kuti akabwere adzayambitse kiliniki ya odwala mtima, ndalama ya makina ilipo kale. Kwa wina aliyense, walira mvula walira matope: ngongole ya madola idzamukakamiza kukhala komweko.

Madigiri a pa intaneti

Kuwerenga mabuku pa intaneti n'kotheka, koma kumva kugunda kwa mtima kosalongosoka, kuona nkhope ya munthu amene watsala pang'ono kukomoka, ndi kudziwa nthawi yoimitsa mayeso, kumaphunziridwa pambali pa wodwala. Sukulu iliyonse yolonjeza udokotala wa zachipatala m'miyezi yochepa popanda maola pa odwala ikukugulitsani pepala. Funsani a National Council for Higher Education ngati yunivesiteyo ndi yovomerezeka musanatumize kwacha imodzi.

Luso limene njira iliyonse iyenera kukusiyirani

Pofananitsa masukulu, funsani kuti mudzagwira odwala angati, a matenda ati, ndipo woyang'anira ndani. Munthu womaliza maphunziro abwino amadziwa kuti wodwala amene BP yake ili pamwamba pa 200 kapena nambala yam'munsi yapyola 110 ali chikhalire sayambitsidwa mayeso. Amaimitsa mayeso BP ikapyola 250 kapena yam'munsi ikapyola 115, ikayamba kutsika pomwe ntchito ikukula, kapena wodwala akamva kupweteka pachifuwa ndi chizungulire. Amayeza shuga asanayambe: kwa womwa glibenclamide kapena wobaya insulin, shuga akakhala pansi pa 5 mmol/L adye kaye kanthu, ndipo akapyola 14 pamodzi ndi ma ketone (asidi amene thupi limapanga insulin ikachepa) mafizo adikire. Amayang'ana mapazi a wodwala shuga asanamuuze kuti aziyenda, makamaka amene amayenda ndi patapata pamchenga wotentha osamva kupsa.

Amadziwanso malire a masamu. Kwa bambo wa zaka 60 amene mtima wake umagunda ka 80 pa mphindi ali chikhalire, kuchotsa zaka 60 pa 220 kumapereka 160, amene ndi malire a kugunda kwa mtima wake. Kusiyana kwa 160 ndi 80 ndi 80, ndipo mafizo apakatikati ndi magawo 40 mpaka 59 pa 100 a kusiyanako kuwonjezera pa 80 uja, kutanthauza pakati pa 112 ndi 127. Koma bamboyo akakhala kuti akumwa atenolol kapena propranolol, mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima, mtima sukwera motero, ndipo mukaumirira nambalazo mudzamutopetsa mopyola muyeso. Pamenepo mumagwiritsa ntchito sikelo ya Borg ya 6 mpaka 20, imene wodwala amanena yekha mmene watopera, kufuna 12 kapena 13, kapena mumangomulankhulitsa: azitha kuyankha funso lathunthu koma osatha kuimba nyimbo. Sikelo ya Borg imafuna kufotokozedwa mosamala kwa wodwala amene sanapite patali ndi sukulu, ndipo kumasulira kulikonse kwa sikelo yotere kumayenera kuyesedwa pa odwala enieni kusanagwiritsidwe ntchito pa kafukufuku.

Kulekera pa masitazi

Njira imeneyi anthu saikonda kuimva, koma kwa ambiri ndiyo yanzeru. Ngati chimene mukufuna ndi kukhazikitsa gulu la mafizo a odwala sitiroko, shuga ndi mapapo pachipatala cha m'boma, digiri ya fiziyo, masitazi ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndi miyezi ingapo pa kiliniki ya odwala mtima ku South Africa zikukwanirani. PhD ikufunika pamene mukufuna kuphunzitsa pa yunivesite, kupempha ndalama za kafukufuku m'dzina lanu, kapena kukhala pagome pamene unduna wa zaumoyo ukulemba malangizo a matenda osapatsirana.

Amene watsimikiza za PhD ayambe ndi kabuku pa kiliniki pomwe ali. Alembe, mwa chilolezo cha akuluakulu a chipatala ndiponso popanda mayina, kuti pa mwezi amaona odwala angati a matenda ati, angati amabweranso, ndipo amene sabwera amalepheretsedwa ndi chiyani. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi funso la kafukufuku limayamba kuonekera lokha. Kalata yopita kwa pulofesa amene mukufuna kuti akuyang'anireni ikhale ya tsamba limodzi: funsolo, odwala amene mungawafikire, mayeso amene mungakwanitse pa khonde la mamita 30, pepala limodzi la pulofesayo limene mwawerenga, ndi kumene mukuganiza kuti ndalama ichokera. Tumizani kwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kalata iliyonse yolembedwera mwini wake, ndipo mayeso a Chingerezi a IELTS mulembe nthawi ya mafomu a thandizo isanayandikire, poti zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha.